Zitseko za Bedford ija zatheka

Abale, mwezi watha ndinafunsa za mkati mwa zitseko za Bedford yanga, lole yakale ya asilikali, poti penti ankangosupuka. Ine ndinkanamizira dzuwa la kuno ku Mangochi, osadziwa kuti vuto ndi girizi ndi thukuta zomwe zinakanirira pa vinyl, pulasitiki wofewa wokutira mkati mwa zitsekozo. Ndinatsuka ndi sopo katatu, kupukuta ndi sipiriti, n'kukwecha pang'ono ndi sandipepala wosakhakhala kwambiri, wa nambala 400. Penti wa zitsulo amene ankasupukayo ndinamusiya. Ndinagula wopopera wa vinyl, wobiriwira, n'kupopera mopyapyala katatu pansi pa mtengo wa mango m'mawa kusanatenthe. Wagwira bwino, ngakhale kukanda ndi chikhadabo sakuchoka.

Bolodi lamkati linali litafufuma ndi mvula, kalipentala wina anandidulira pulayiwudi. Chatsala ndi timapini togwiritsa bolodi ku chitseko: tinayi tinathyoka pochotsa. Amene ali nato andiuze.