Ma newt a njerewere angaswane kuno ku Mzuzu?

Wa ku Katoto: Akuluakulu, ndikufunsa za ma newt (tinyama tooneka ngati abuluzi koma ta gulu la achule) a khungu la njerewere, a mtundu wa Paramesotriton, ochokera m'mitsinje ya kumwera kwa China ndi kumpoto kwa Vietnam. Kuzizira kwathu kuno n'kokwanira kuti aswane m'thanki ya galasi? Nanga ana adyetsedwe chiyani?

Wa ku Luwinga: Achimwene, Juni ndi Julaye alibe vuto, choopsa ndi Okutobala ndi Novembala. Madzi azikhala pakati pa madigiri 15 ndi 20. Akapitirira 24 kwa masiku angapo, tinyamati timasiya kudya ndipo pakhungu pamabuka zilonda. Ikani thanki pansi pa simenti, m'chipinda chosalowa dzuwa, fani iziwomba pamwamba pa madzi. Mufiliji muzisunga mabotolo a madzi oundana oti muziponya m'thankimo magetsi akathima.

Kuti aswane amafuna miyezi iwiri madzi ali pa madigiri 10 mpaka 14. M'nyumba madzi safika pamenepo okha, ndiye mabotolo aja adzagwiranso ntchito m'chisanu. Thanki ikhale ya malita 80 kapena kuposa, ya kapampu koyendetsa madzi ndi miyala yobisalamo. Yaimuna imodzi basi. Ziwiri zimalumana mpaka kuvulazana. Madzi a pampopi muziwagoneka masiku awiri kuti klorini achoke, ndipo sabata iliyonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo asanu.

Mayi wa ku Chibavi: Ndionjezere za ana, poti ambiri amafera pamenepo. Yaikazi imaikira dzira limodzilimodzi n'kulikutira ndi tsamba, choncho mukhale zomera za m'madzi za masamba ofewa. Masamba a mazirawo muziwadula n'kuwaika m'beseni lapadera, chifukwa makolo amawadya. Amaswa pakatha masabata atatu kapena anayi. Masiku oyamba anawo sadya. Kenako apatseni daphnia (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi) kapena mphutsi zing'onozing'ono za udzudzu, akakulako nyongolotsi zoduladula. Chakufa sachikhudza, amafuna choyenda.

Ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu zikayamba kufota, tsitsani madzi afike sentimita imodzi kapena ziwiri, muikemo mwala wokwerapo. Mukachedwa amamira. Akatuluka amakhala pamtunda chaka kapena kuposa, m'bokosi la dothi lachinyezi ndi masamba, lotseka bwino poti amakwera ngakhale galasi. Mukawagwira sambani m'manja, khungu lawo lili ndi poizoni.

Wa ku Chiputula: Bambo, musanagule, onani mapepala. Kuyambira 2019 mtundu wonse wa Paramesotriton uli pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndiye pitani kaye ku Dipatimenti ya Malo Osungira Nyama Zakutchire mukafunse za chilolezo. Gulani obadwira m'thanki okha, osati ogwidwa mumtsinje. Ma newt a ku Asia amatha kunyamula nthenda ya pakhungu yotchedwa Bsal, yomwe inapulula ma salamander (abale ake a ma newt) ku Netherlands. Atsopano muwasunge paokha masabata asanu ndi limodzi, ndipo madzi a m'thanki musawataye m'ngalande yopita ku Lunyangwa. Madziwo athireni jiki, kenako muwakhuthulire m'dzenje.