Makina oboolera atsopano: biti ikugwedera, chaki ikugwa

Wopanga makabati:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndagula makina oboolera oimika pabenchi, aja otchipa a masipidi 5 ndi chaki (chitsulo cha mano chogwira biti) ya 13mm. Ntchito yanga yambiri ndi mabowo a 35mm a mahinji a zitseko za kabati. Biti, kachitsulo koboolera kaja, ikamazungulira nsonga yake ikugwedera, moti hinji sikukhazikika bwino m'bowomo. M'mbali mwa bowo mukupserera mpaka utsi. Dzulo chaki yonse inagwa ndili pakati poboola. Ndigule chaki ina, kapena makinawa ndi achabe?

Wa zitsulo:
Achimwene, musafulumire kugula. Kugwa kwa chakiko kwaulula kale pamene pali vuto. Pa makina otere chaki ilibe mazinga. Imagwira chifukwa nsonga ya shafiti, chitsulo chozungulira chimene chaki imavekedwapo, ndi yosongoka pang'ono, ndipo bowo la chaki analisema mofanana nayo. Kufakitale amapakapo girisi kuopa dzimbiri. Girisi ameneyu akatsala, kapena kanyenyeswa kakalowa pakati, chaki imakhala mopendekeka ndipo siluma.

Pukutani shafiti ndi m'bowo la chaki ndi thina (wosungunulira penti uja) mpaka nsalu izituluka yoyera, ziume, osapakanso mafuta ayi. Musanaiveke, yesani shafiti yokha. Zulani pulagi, mangani kachitsulo patebulo la makinawo kayandikire kwambiri shafitiyo, ndiye zungulitsani pule (kagudumu koyendapo lamba) ndi dzanja. Kampata kakamatseguka n'kutsekeka moonekera ndi maso, shafiti ndi yopindika, makinawo akabwezeni. Ikakhala yowongoka, tsegulani chaki mpaka mano ake atatu abisale mkati, ivekeni, gwirizani thabwa kunsi kwake, menyani kamodzi mwamphamvu chokweza. Mukamenya mano ali panja, chaki mwaiwononga.

Kalipentala wamkulu:
Zimenezo n'zoona. Koma kupsererako ndi nkhani ina, mwana wanga, ndi ya sipidi. Tsegula chivundikiro uone lamba ali pati. Biti ya Forstner ya 35mm, yoboolera mabowo a mahinjiyo, imafuna sipidi yotsikitsitsa ya makina ako, cha m'ma 500 kapena 600 pa mphindi. Lamba akhale pa pule yaing'ono kumota ndi pa yaikulu kutsogolo. Asakungike kwambiri: ukamukanikiza ndi chala pakati, alowe pafupifupi sentimita imodzi. Poboola uzikweza biti pafupipafupi kuti utuchi utuluke, makamaka pa MDF (matabwa a utuchi wopanikizidwa), chifukwa utuchi wotsekeredwa m'bowo ndi umene umatenthetsa biti n'kuibunthitsa.

Uonenso tebulo. Zolemba za madigiri kunsi kwake ine sindizikhulupirira. Pinda waya wolimba ngati chilembo Z, mbali imodzi umange m'chaki, ina ingokhudza tebulo. Zungulitsa ndi dzanja. Nsonga ikakanda kumanzere n'kuyandama kumanja, masula bawuti ya kunsi, wongola, uyesenso mpaka izikhudza mofanana ponseponse.

Wokonza mamota:
Ine ndikanangoikapo chaki yopanda kiyi. Kusintha mabiti kumafulumira, komanso palibe zoiwala kiyi m'chaki n'kuyatsa, zomwe zavulaza anthu ambiri. Kugwedera kwina kumachokera kumtunda. Onani ngati tisikuluwu ta mapule tili tolimba komanso ngati mapule awiriwo ali pamzere umodzi.

Wa zitsulo:
Za mapule ndikuvomereza. Chaki adikire kaye, aone zotsatira za kupukuta. Akadzafuna kugula, awerenge zolembedwa pa chaki yakaleyo. Ina imalembedwa B16, ina JT33. Poziona ndi maso zimafanana, koma kusongoka kwake n'kosiyana, ndipo yolakwika imagwanso ngakhale itakhala yodula. Chinanso, chaki zopanda kiyi zambiri ndi zazitali, ndiye pa makina aang'ono zimadya mpata wa pakati pa biti ndi tebulo.

Mayi wa mipando:
Achimwene, kwa ife a matabwa chosintha choyamba ndi tebulo. Katebulo kachitsulo kaja n'kakang'ono, chitseko cha kabati chimangolendewera. Dulani pulayiwudi ya 18mm yotambalala, imangeni ndi mabawuti m'mipata ya katebuloko, ndipo kumbuyo ikani kathabwa kowongoka kotsamizapo ntchito. Mukakayeza kamodzi, zitseko zonse zituluka ndi bowo pamtunda umodzi kuchokera m'mphepete. Pamene biti imatera semanipo kamalo koika kathabwa kosinthika, kakadyeka muzingoika kena.

Samalani ndi kuzama. Hinji zambiri zimafuna 12 kapena 13mm, koma Forstner ili ndi kansonga pakati kamene kamatsogola. Pa thabwa la 16mm kangathe kutulukira kumaso kwa chitseko, n'kusiya kachiphuphu koonekera ngakhale mutapenta. Yesani pachidutswa kaye, kenako mangitsani manati onse awiri oimitsira kuzama, chifukwa imodzi yokha imayenda ndi kunjenjemera kwa makina. Tsinde la makina limangidwe kubenchi ndi mabawuti, chitseko chigwidwe ndi kilampu, magolovesi avulidwe.

Wopanga makabati:
Zikomo nonse. Girisi analimodi, wachikasu, wouma. Shafiti ndi yowongoka ndipo chaki yagwira. Ndi kachitsulo kowongoka m'chaki kugwedera sikukuonekanso, koma Forstner ikugwederabe pang'ono. Nditaigubuduza mwendo wake m'mphepete mwa galasi ndaona kuti ndi wopindika, ndiye ndigula ina. Tebulo ndaliwongola, lamba ndamutsitsa, utsi watha. Chatsala n'chakuti ndikatsitsa chogwirira chotsitsira biti mpaka kumapeto, shafiti ikusewera pang'ono chammbali.

Wa zitsulo:
Makina otchipa ambiri amatero akatuluka kwambiri. Kwezani tebulo kuti biti iyambire pafupi ndi thabwa, masentimita awiri okha, shafiti isamatuluke yonse. Yang'anani pambali pa mutu wa makina, ena ali ndi kasikuluwu kokhala ndi nati kolowa mumzere wa paipi imene imatsika ndi shafiti. Kamangeni pang'onopang'ono, mulekeze pamene chogwirira chikubwererabe chokha mukachisiya.