Beacon yanga ya APRS sikuoneka pa aprs.fi, ndalakwitsa pati?

Chimtengo:
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya APRS, njira yotumizira timauthenga pa wailesi; beacon ndi kauthenga konena malo omwe siteshoni ili. Ndalumikiza kawailesi kanga ka m'manja ku kakompyuta ka Raspberry Pi komwe ndaikamo Dire Wolf (pulogalamu yosandutsa uthenga kukhala mawu a pa wailesi), pa 144.800 MHz monga timachitira kuno ku Britain. Ndikamvetsera pa wailesi ina, kaphokoso ka paketi (kauthenga kotumizidwako) kakumveka bwinobwino, koma pa aprs.fi, webusaiti yoonetsa masiteshoni pamapu, zii, palibe chikutuluka. Mawaya ndinawotcherera ndekha Loweruka usiku, chala mpaka chinatuluka thuza. PTT (switchi yotsegula wailesi kuti itumize) sindinalumikize, ndikudalira VOX (yomwe imatsegula wailesi yokha ikamva mawu).

Gogo Nyanja:
Achimwene, vuto ndi VOX yomweyo. Imachedwa kutsegula, ndiye mutu wa paketi umadukira m'njira. Khutu lanu limva phokoso, koma digipeater (siteshoni yolandira paketi n'kuitumizanso) siwerenga kanthu. Tengani waya kuchokera pa GPIO (timapini ta pa Pi), udutse pa transistor kapena optocoupler (tizipangizo togwira ntchito ngati switchi), ukafike pa PTT. Mu Dire Wolf, TXDELAY (nthawi yodikira wailesi ikatseguka uthenga usanayambe) 30 ndi 300 ms, yambirani pamenepo.

Nabanda:
Onaninso voliyumu. APRS imayenda ndi mawu awiri, 1200 Hz ndi 2200 Hz, ndipo mukakweza kwambiri amaphwanyika. Ine ndinavutika sabata yathunthu, kumaganiza kuti ndi antena. Tsitsani pang'onopang'ono. Ngati Pi ikuzima mukamatumiza, RF (mafunde a wailesi) ikulowa m'mawaya, avekeni ferrite (kamphete kotchinga RF) mawayawo.

Chimtengo:
Zikomo nonse! Optocoupler ndaika, voliyumu ndatsitsa ndi theka, wailesi ndaisunthira pawindo. Kachizindikiro kanga kaoneka pamapu 7 koloko madzulo ano, ndinachita kuitana mayi a kunyumba adzaone. Path (malangizo a momwe ma digipeater atumizirenso paketi) ndasiya WIDE1-1,WIDE2-1, ili bwino pa siteshoni ya panyumba?