Denga likudontha ku shopu: kodi ndingatuluke mgwirizano wa lendi usanathe?

Mayi Nabanda, Limbe:
Akuluakulu anzanga osoka zovala, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndimachita lendi chipinda chimodzi mwa zipinda zinayi za nyumba ya mashopu kuno ku Limbe, ndipo mu Juni ndinasainira mgwirizano wa zaka ziwiri, wolipira K180,000 pa mwezi, miyezi itatu pakamodzi. Chiyambire mvula mu Disembala, denga likudontha pamwamba penipeni pa tebulo lodulira. Mipukutu iwiri ya nsalu ya yunifolomu yachita nkhungu, ndipo madzi analowa mu injini ya makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, moti ndikuopa kuwayatsa. Eni nyumba ndawaimbira foni kanayi, koma anangotuma mnyamata ndi kachitini ka phula, amene anamata mabowo a misomali n'kumapita, mvula yotsatira madzi n'kubwerera pomwepo. Ndapeza malo ena abwino, koma eni nyumba imene ndilimoyi akuti ndikatuluka ndilipire miyezi 16 yotsalayo. Kodi zimenezi n'zoona?

Bambo Gama, Ndirande:
Pepani kwambiri mayi. Maganizo anga ndi akuti musapereke lendi ya mwezi wa Marichi, m'malo mwake mugule malata, muitane mmisiri, ndipo ndalamazo mudule pa lendi, chifukwa eni nyumba ambiri amamva msanga thumba likakhudzidwa.

Bambo Chirwa, Chirimba:
A Gama, ndikupempha kuti ndisiyane nanu pang'ono, popeza njira imeneyo ndinaiyenda ndipo inandipweteka. Ine ndinaleka kulipira miyezi iwiri chifukwa cha chimbudzi chimene chinagumuka, ndikudziona kuti ndili pa chilungamo, koma tsiku lina m'mawa ndinangoona a sherifu afika ndi galimoto n'kuyamba kulemba makina anga atatu pamodzi ndi simbi. Pamapepala panalibe mawu alionse onena za chimbudzi. Panangooneka ngongole yanga ya lendi, chifukwa madandaulo anga onse anali apakamwa. Kudula pa lendi n'kotheka, koma eni nyumba ayambe avomereza polemba, ndi mtengo wake womwe.

Mayi Nangozo, Zingwangwa:
Ndisanayambe kusoka ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki kwa maloya, choncho ndinena zimene ndinaona, ngakhale kuti sindine loya. Malo ambiri a mu mzinda wa Blantyre analembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act la mu 1967, ndipo lamuloli limati pamene munthu wachita lendi gawo chabe la nyumba, udindo wosamalira denga, makoma akuluakulu ndi ngalande za nyumbayo ndi wa mwini wake, pokhapokha ngati mgwirizano unalemba zosiyana. Poti inu muli m'chipinda chimodzi mwa zinayi, mfundo imeneyi ikukukhudzani.

Komabe, kulakwa kwa eni nyumba sikuthetsa mgwirizano pakokha. Khoti limayang'ana kukula kwa kulakwako: kodi malowo afika posagwiritsika pa ntchito imene munawatengera, ndipo kodi mwini wake anadziwitsidwa bwinobwino n'kupatsidwa nthawi yokwanira koma osachitapo kanthu? Kudontha kwa pakona kongofuna kuika beseni kumabweretsa chipukuta misozi basi, pamene kudontha koononga nsalu za makasitomala ndi kuimitsa makina ndi nkhani ina. Chimene chikukufooketsani pakadali pano, a Nabanda, ndi mafoni anayi aja, chifukwa bambowo atawakana mulibe chowaonetsa.

Lembani kalata yokhala ndi deti, mutchule pamene pakudontha, katundu amene waonongeka ndi mtengo wake, ndipo muwapatse masiku 14 kuti denga likonzedwe ndi mmisiri weniweni. Munene momveka kuti akalephera mudzaona kuti aphwanya mgwirizano, mudzatuluka, ndiponso mudzafuna dipoziti yanu ndi ndalama za nsalu. Asainire kope lanu posonyeza kuti alandira. Jambulani kanema mvula ili mkati, sungani malisiti a nsaluzo, ndipo lendi musaleke kulipira kufikira tsiku lotuluka. Musanapereke makiyi, kaonetseni mgwirizanowo kwa loya, kapena kafunseni ku ofesi ya Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, kuno ku Blantyre.

Mayi Nabanda, Limbe:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenganso mgwirizanowo usiku wathawu, ndipo ndapeza kuti ukungonditchula ine pa penti, magalasi ndi maloko, koma za denga sukunenapo kanthu, ndiponso mulibe ndime ya notisi yotulukira nthawi isanakwane. Chinanso n'chakuti mnzanga wa shopu yoyandikana nayo, wogulitsa zipangizo za njinga, wakhala akufuna chipinda changachi kuti akuze malonda ake.

Mayi Nangozo, Zingwangwa:
Mfundo yomalizayo ndi yolemera kuposa zonse zimene ndanena, chifukwa milandu ya kukhoti imadya nthawi, pamene inu muli ndi mayunifolomu oyenera kupereka. M'kalata yomweyo onjezani kuti, ngati sangakwanitse kukonza, ndinu wokonzeka kubweza chipindacho mwamtendere kumapeto kwa Marichi, ndipo pali munthu wofuna kulowa tsiku lotsatira. Akavomera, mulembe pepala lalifupi lothetsa mgwirizano, losainidwa ndi nonse awiri pamaso pa mboni, lonena kuti palibe lendi ina yotsala komanso tsiku lobwezera dipoziti.

Bambo Chirwa, Chirimba:
Ndingowonjezera kuti tsiku lopereka makiyi mujambule mita ya madzi ndi makoma onse, popeza madontho a madzi pa siling'i ndi amene eni nyumba adzafune kudulira dipoziti ponena kuti penti mwaononga ndinu. Za ovaloko ija, musaiyatse kaye. Mawa ndikutumizirani mnyamata amene amandikonzera makina kuti aumitse injiniyo ndi kulemba mtengo wake papepala, kuti muphatikize ku kalatayo.