Chindapusa cha MSHA chafika: masiku 30 otsutsira amayamba liti?

Nabanda_PA:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mgodi wophwanya miyala ku Pennsylvania unapatsidwa ma citation (zikalata zosonyeza kuti mgodi waphwanya lamulo) asanu ndi insipekitala wa MSHA, bungwe la boma la America loona za chitetezo m'migodi. Kampani inapempha conference, msonkhano wokambirana ma citation amenewa ndi MSHA, koma sanakumanebe. Tsopano kwabwera envelopu ya proposed assessment (kalata ya chindapusa chimene MSHA ikufuna), ndalama za citation iliyonse zitalembedwa kale. Eni mgodi akuti adikire kaye conference ithe. Kodi kudikira kulibe vuto? Masiku amayamba kuwerengedwa liti, ndipo fomu ipite kuti?

Mjomba_wa_Migodi:
Mayi, asadikire ngakhale tsiku limodzi. Gawo 105(a) la lamulo la chitetezo cha m'migodi la 1977 limapereka masiku 30 kuchokera tsiku limene kampani yalandira proposed assessment. Si tsiku lolembedwa pa kalata, si tsiku limene abwana aiona ayi, koma tsiku limene munthu wina aliyense pa adiresi ya kampani wasainira envelopuyo, kaya ndi mlonda wa pageti. Masiku amenewa akatha fomu isanatumizidwe, chindapusacho chimasanduka chigamulo chomaliza cha Federal Mine Safety and Health Review Commission (bungwe loweruza milandu ya chitetezo cha m'migodi) pachokha, popanda woweruza kumva mbali yanu.

Conference ndi nkhani ina. Ili mu 30 CFR 100.6 (ndime ya m'buku la malamulo a boma la America), imapemphedwa molemba m'masiku 10, ndipo MSHA ili ndi ufulu wovomera kapena kukana. Siimitsa masiku 30 aja.

Zochita nazi. Mu envelopumo muli fomu 1000-179. Chongani citation iliyonse imene mukuitsutsa. Zimene simunachonge muzilipira. Apa m'pamene ambiri amagwera: ndalama ndi fomu yotsutsa sizipita kumodzi. Cheke chimapita ku adiresi yolipirira ya ku St. Louis, pamene fomu imapita ku Civil Penalty Compliance Office, pa adiresi yosindikizidwa pa fomupo. Mukazipinda pamodzi n'kutumiza ku St. Louis, kumeneko amangolandira ndalama basi, ndipo mudzadzidzimuka ndi kalata ya ngongole patapita miyezi. Jambulani fomuyo musanatumize, ndipo tumizani mwa njira yosiya umboni wa tsiku. Komanso musalipire citation imene mukufuna kuitsutsa, chifukwa kulipira kumatengedwa ngati kuvomera mlandu.

Chisomo_WV:
Amjomba anena zoona. Ndiwonjezere msampha wachiwiri. Pali kutsutsa kwina kwa gawo 105(d), kotsutsa citation yeniyeniyo ku Commission m'masiku 30 mutailandira, chindapusa chisanabwere n'komwe. Makampani ena akachita zimenezi amapinda manja poganiza kuti zatha. Sizinathe. Chindapusa chikafika, fomu 1000-179 iyenera kutumizidwabe.

Mukatumiza, boma lili ndi masiku 45 okapereka petition (pempho lakuti chindapusacho chigamulidwe) ku Commission, inu n'kukhala ndi masiku 30 oyankha. Yankho limeneli nalonso limaiwalika kwambiri. Mukakhala chete woweruza amatumiza kalata yofunsa chifukwa, mukakhalanso chete mwagonja.

China n'chakuti kutsutsa sikuimitsa ntchito yokonza cholakwika. Ngati citation ikunena za gadi (chotchinga choteteza anthu ku makina) wa pa lamba wonyamula miyala, gadiyo aikidwe pa nthawi imene insipekitala analemba. Kupanda kutero pamabwera lamulo la 104(b) lochotsa anthu pamalopo, ndipo mumatayanso 10 peresenti imene amachotsera pa chindapusa cha amene akonza msanga. Ndipotu gadiyo ndi wa dzanja la munthu amene amasesa pansi pa lamba, mlandu uli apo.

Nabanda_PA:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga zikapezeka kuti envelopu ina inagona mu diloo mpaka masiku 30 anadutsa, pali chochita?

Mjomba_wa_Migodi:
Khomo lilipo koma ndi lopapatiza. Kuyambira mlandu wa Jim Walter Resources wa 1993, Commission imavomera kuti ikhoza kutsegulanso chigamulo chomaliza, potsatira Rule 60(b) ya makhoti a boma la America. Mumalemba motion to reopen kupita ku Commission ku Washington, kope lina kwa maloya a unduna wa zantchito. Ngati chifukwa chake ndi kulakwitsa kapena kuphonya, malire ndi chaka chimodzi kuchokera pamene chigamulo chinakhala chomaliza. Koma musaone chaka n'kugona. Akomishonala amayang'ana kuti munachita changu bwanji mutangodziwa. Pakadutsa masiku opitirira 30 kuchokera pa kalata ya ngongole, muyenera kufotokozanso kuchedwa kumeneko padera.

Mawu akuti "tinaiwala" kapena "kalata inasochera mu ofesi" pawokha sakwanira. Lembani tsatanetsatane: analandira ndani, tsiku liti, anaipereka kwa yani, inaima pati, chifukwa chiyani, ndipo mwasintha chiyani kuti zisachitikenso. Munthu amene anaigwira envelopuyo alembe affidavit (umboni wolumbirira), muikepo malisiti a positi. Commission yanena kangapo kuti ofesi yosasunga bwino makalata si chifukwa chomveka, makamaka kwa kampani imene ikubwera kachiwiri ndi pempho lomwelo. Onaninso adiresi ya pa fomu 2000-7, yolembetsera eni mgodi ku MSHA. MSHA imatumiza kumeneko, ndipo ngati munasamuka osawadziwitsa m'masiku 30, vuto limakhala lanu.

Chisomo_WV:
Mayi, posankha zoti muchonge, musayang'ane ndalama zokha. Tengani citation iliyonse muone mabokosi amene insipekitala anachonga, chifukwa chindapusa chimachokera pa mapointi a mu 30 CFR 100.3. Pa kusasamala, low ndi mapointi 10, moderate 20, high 35, reckless disregard 50. Pa kuthekera kwa ngozi, unlikely ndi 10 pamene reasonably likely ndi 30, ndipo bokosi limeneli ndi limene limayenda ndi chizindikiro cha S&S (significant and substantial), chosonyeza cholakwika chimene chingathe kuvulaza munthu kwambiri. Choncho nthawi zambiri nkhondo siikhala yakuti cholakwika chinalipo kapena ayi, koma kutsitsa high kufika pa moderate ndi umboni: buku la workplace exam (kuyendera malo a ntchito poona zoopsa) la tsiku limenelo, zithunzi zojambulidwa insipekitala ali pomwepo, ndi chikalata chosonyeza kuti chitsulo chosinthira chinali chitaitanitsidwa kale.

Citation yaing'ono imene mwailipira imalowa m'mbiri ya mgodi, ndipo mbiri ya miyezi 15 imakweza zindapusa zotsatira, makamaka mukabwereza kuphwanya ndime yomweyo. Komabe kutsutsa zonse mwachisawawa si nzeru. Woweruza samangidwa ndi chiwerengero cha MSHA. Amayeza yekha mfundo zisanu ndi imodzi za gawo 110(i), ndipo akhoza kukweza. Mukagwirizana ndi boma pakati panjira, mgwirizanowo uyenera kuvomerezedwa ndi woweruza malinga ndi gawo 110(k).

Lero lomwe, funsani amene anasainira envelopuyo, mutsimikize tsiku ndi nambala yolondolera katundu, mulilembe ndi peni pamwamba pa fomu, ndipo muitumize lisanafike tsiku la 20 pa masiku 30 aja.