Ma beam sakukumana ndi ma column mu Robot

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikujambula nyumba yakonkire ya nsanjika zitatu mu Revit 2024, pulogalamu yojambulira nyumba. Ndikatumiza analytical model (mizere yoimira ma beam ndi ma column powerengera) ku Robot, pulogalamu yowerengera mphamvu ya nyumba, ikundiuza kuti pali instability (kusakhazikika) pa ma node 14, malo amene mizereyo imayenera kukumana. Nditayang'anitsitsa ndapeza kuti ma beam a m'mbali sakukumana ndi ma column, pali kampata ka 50 mm. Ma column ndi a 300 mm m'lifupi, ma beam a 200 mm, ndipo ndinawalinganiza nkhope yakunja. Ndisunthe node imodziimodzi?

Mbewe_S: Achemwali, musadzivutitse choncho. Kuyambira Revit 2023, analytical model sidzipanganso yokha kutsatira zomwe mwajambula. Tsegulani chida cha Analytical Automation mu Revit, mukweze tolerance (mpata umene chimalola polumikiza mizere) ipitirire pang'ono 50 mm, mizere ilumikizana yokha. Musaikweze kwambiri, ingalumikize ngakhale zosayenera.

Mkulu wa Zomba: Zoona, koma kampatako sikongolakwika pojambula ayi. Beam yakhaladi pambali pa pakati pa column, ndiye katundu wake akubweretsa moment, mphamvu yopinda column. Mukangotseka mpatawo, moment imeneyo yasowa m'masamu koma pamalo omanga ilipobe. Pa 50 mm mwina ndi yaing'ono, komabe ine ndimaika rigid link (cholumikiza ma node chosapindika), makamaka pa ma column apakona. Onaninso ma release, pomwe mwamasula mapeto a beam. Mukamasula torsion (kupotoka) mbali zonse ziwiri, beam imazungulira yokha ndipo Robot imadandaula chimodzimodzi.

Nachisale: Zikomo bambo. Ma node 10 anali a kampata, 4 otsalawo analidi torsion. Ndaika rigid link pamakona, mawa ndiyerekeza ndi masamu apamanja.