Ndisayine kapena ndikane? Kalata ya ubatizo wa mwana wa msodzi wosabwera ku mphakati

Mlembi wa kudoko:

Akhristu anzanga, ndigawireniko nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndimakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, mukachoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo poti ndimagwira cholembera, chaka chatha anandisankha kukhala mlembi wa mphakati wathu, kagulu ka akhristu achikatolika oyandikana nyumba. Sindinkafuna, koma zisankho za ku mphakati mukuzidziwa: ukangoti uyang'ane pansi, manja akwera kale.

M'kaundula muli mabanja 23. Timakumana Lachinayi lililonse 3 koloko masana, lero kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo. Obwera sapitirira 10, ndipo abambo timakhalapo awiri okha, ine ndi atcheya. Atcheyawo maso anayamba kuwavuta, ndiye Mthenga Wabwino wa Lamulungu likubweralo ndimawerenga ndine. Tikagawana mawu n'kupemphera, amayi asungichuma amatolera ya pamwezi, kenaka timagawana ntchito: osesa kutchalitchi Loweruka, okaona odwala, okonza chakudya cha ansembe ikakhala sabata yathu. Tchalitchi chathu ndi nthambi chabe. Abambo ansembe amatipeza kamodzi pamwezi, masabata enawo akatekisi ndiwo amatitsogolera pa mapemphero opanda wansembe.

Tsono pali bambo wina, mlovi pa boti la eni ake. Ukwati wake ndi wodalitsa, mtulo anapereka, khadi ndinaliona ndi maso angawa. Koma chiyambire ulembi wanga sanapondeko ku mphakati ngakhale kamodzi, ndipo kutchalitchi timamuona pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Mkazi wake amabwera mwa apo ndi apo, nthawi zambiri amakhala ali pa thandala kuyanika usipa. Ali ndi khanda la miyezi inayi. Abambo analengeza kuti mwezi wamawa kuli ubatizo wa ana, ndipo kwathu kuno makolo amayenera kubweretsa kalata ya ku mphakati yosayinidwa ndi tcheya ndi mlembi. Mayi uja anabwera kwanga Lolemba madzulo, mwana kumbuyo, kudzapempha kalatayo.

Atcheya akuti tisasayine, aphunzirepo kanthu. Ine mtima wanga ukukana, chifukwa bambo yemweyu, kukagwa maliro m'mphakati, beseni la usipa limafika pasiwa dzuwa lisanakwere, osamuuza munthu. Sabata yathu yodyetsa ansembe, chambo chimene amayi amanyadira nacho chija chimachokera kwa iyeyu. Mphepo itasasula denga la tchalitchi, anasenza nawo malata atangotsika m'boti, asanagone n'komwe. Kalatayo imafunsa ngati banjali "limatenga nawo mbali pa za mphakati". Ndilembe chiyani pamenepa? Ndikalemba inde ndanama, ndikalemba ayi ndanamanso.

Mayi Msungichuma, Namwera:

Aphunzitsi, ine ndili kumbali ya atcheya anu, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndasunga chuma cha mphakati zaka zisanu ndi chimodzi, ndikudziwa amene amasenza katunduyu. Ndi amayi omwewo asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ya masika ndi iwo, Paper Sunday ndi iwo, yothandizira aseminale ndi iwo, kukolopa tchalitchi ndi iwo, kugona pamaliro akuimba mpaka mawu kusasa ndi iwonso. Kodi iwowa alibe ntchito? Ife kuno kumtunda timalima, nthawi yopalira munthu umachoka kumunda msana utauma, komabe umasamba n'kupita ku mphakati.

Usipa wa pamaliro ndi wabwino, sindikunyoza. Koma kupereka nsomba n'kosavuta kwa munthu amene nsomba zili m'manja mwake. Chovuta ndi kupereka nthawi. Ife tinasayinirapo banja lina mwachifundo chomwechi, mwana anabatizidwa, patangotha mwezi bambo anakwera basi ya ku Joni, mayi anabwerera kwawo, mwanayo pano ali ndi zaka 9 sanapondepo ku Tilitonse, gulu la ana la kutchalitchi. Mukasayinira mmodzi, mawa abwera atatu, ndipo amayi okhulupirika aja adzakufunsani kuti nanga ife timavutikiranji. Muwauze abwere miyezi itatu motsatizana, mwana adzabatizidwe ulendo winawo. Madzi a ubatizo sauma.

Katekisi wopuma:

Aphunzitsi, ndi inu mayi a ku Namwera, mundilole nkhalamba ndiyikepo mawu. Mdzukulu wanga ndiye akundilembera pafoni pano, mukaona zolakwika mumukhululukire.

Ndinayamba ukatekisi nthawi ya Ambuye Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa dayosizi yathu ino, imene inakhazikitsidwa mu 1973. Zaka zomwezo ndi pamene nkhani ya miphakati inkayamba kumveka. Maepiskopi a kuno kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana kuti mpingo uzimangidwa pa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu oyandikana nyumba, ndipo kuno kwathu amene anailimbikira kwambiri anali Ambuye Patrick Kalilombe ku Lilongwe. Chifukwa chake chinali choonekeratu: ansembe ochepa, maparishi aakulu, mkhristu kumangodikira mzungu wa njinga yamoto kuti adzamupempherere. Anati ayi, akhristu azidziwana, aziwerenga okha mawu a Mulungu, azithandizana pa matenda ndi pa maliro. Zoti mphakati ukhale bwalo la milandu, kapena ofesi yodinda zidindo, ine pa maphunziro amene tinkachita sindinazimve. Zinabwera pang'onopang'ono, chifukwa bambo mfumu sangadziwe munthu aliyense m'nthambi makumi awiri, ndiye amadalira inu kuti mumuuze zoona. Kalatayo ndi umboni basi. Wogamula ndi bambo mfumu.

Ndipo lamulo la mpingo pa ubatizo wa khanda, nambala 868 m'buku la malamulo la 1983, limafuna zinthu ziwiri: kuti makolo, ngakhale mmodzi mwa iwo, avomere, ndiponso pakhale chiyembekezo chenicheni choti mwanayo adzaleredwa m'chikatolika. Chiyembekezocho chikasoweratu, ubatizo umayamba waimitsidwa, ndipo makolo amauzidwa chifukwa chake. Palibe pamene pakuwerengedwa ma Lachinayi. Tsono dzifunseni: banja la ukwati wodalitsa, lopereka mtulo, mayi wobwera yekha kudzapempha, chiyembekezo chasoweratu pamenepa? Nkhawa ya mayi a ku Namwera ndi yoona, ana otayika ndawaona ambiri, koma mankhwala ake ndi kusankha bwino mayi kapena bambo wa ubatizo. Asatenge mlamu wa ku Blantyre chifukwa ali ndi galimoto. Atenge munthu wa m'mphakati momwemo, woti adzamugwira dzanja mwanayo kupita naye ku Tilitonse ndi ku kalasi ya Ukaristiya.

China ndi ichi. Kuno si ku Dedza kapena ku Nguludi kumene mudzi wonse umadzuka ndi belu. Ife timadzuka ndi azana, kuitana kwa ku mzikiti. Ansembe oyamba, a White Fathers, anafika kwa Mponda mu 1889, ndipo pofika 1891 anali atanyamuka, zinthu zitawakanika. Mpaka lero m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja mabanja achikatolika mungawawerenge ndi zala. Ine ndinabweza anthu angapo ndili mnyamata, ndikuyesa kuti ndikuteteza mpingo. Mmodzi ndimakumana naye pamsika mpaka pano, amandipatsa moni mwaulemu, atavala chisoti chake choyera. Sindikuti analakwa kapena sanalakwe, ndikungoti amene anamutsekera chitseko ndinali ine.

Pa kalatapo musalembe inde kapena ayi. Pepala lili ndi kumbuyo. Lembani zimene mwatiuza panozi, zonse, za Lachinayi ndi za malata zomwe, abambo akawerenge okha.

Mlovi wa ku Malombe:

Ine sindidziwa za malamulo, koma ntchito ya mkuluyo ndi yanganso, ndiye ndiloleni ndikuuzeni tsiku lathu mmene limayendera, poti aphunzitsi mumaweruka masana ndiye mumaona ngati 3 koloko ndi nthawi ya aliyense.

Ndinagwirapo ya kauni, yopha usipa usiku ndi nyali, kunyanja yaikulu zaka zinayi ndisanabwerere kuno. 3 koloko imeneyo ndi pamene timakhala tikudzuka, kudya, kulongedza ukonde wa chilimira, kuona mafuta a injini ndi nyali. Dzuwa likamapendeka tanyamuka. Usiku wonse siginala ali pa bwato lake ndi nyali kuitana usipa, ife kukoka. Timakocheza m'mawa, kugulitsa, kugawana ndalama, kusoka pamene ukonde wang'ambika, kukagona mwina 10 koloko. Ukajomba tsiku limodzi mwini boti sakufunsa kawiri, padoko pali anyamata khumi akudikira malo akowo. Ndiye mukati abwere miyezi itatu motsatizana, mayi, mukunena kuti asiye ntchito. Lamulungu m'mawa ndinayesapo kupita ku Misa ndikuchokera pamadzi, ndinagona pa ulaliki mpaka ana a kwaya kumandiseka.

Musaganize kuti pamadzi sitipemphera. Mwera ukakupezani pakati usiku, aliyense amaitana Mulungu wake mokweza, Msilamu ndi Mkhristu yemwe. Ine korona ndimayenda naye m'khosi, ndipo netiweki ikalola ndimatsegula Radio Maria pafoni podikira kukoka. Wailesiyo ili konkuno ku Mangochi, koma ena a ife ndi kumene timamvera Misa chaka chonse.

Nthawi yopeza asodzi ilipo, kungoti simunatifunse. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, maboti ambiri amakhala pamtunda masiku angapo, amuna ali phwii pansi pa mitengo kusoka maukonde ndi kusewera bawo. Mwezi uliwonse zimenezi zimachitika. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, masiku ena sitilowa n'komwe. Komanso ngati mwini boti ndi Msilamu, Lachisanu masana ntchito imaima, anzathu apita ku mzikiti, ife timangokhala. Bwanji msonkhano umodzi pamwezi osaupititsa kudoko mwezi ukakhala wowala? Atatu enawo muzichita Lachinayi lanulo. Mukatero n'kupeza kuti sakubwerabe, pamenepo ndiye mudzanene kuti ndi mphwayi.

Mayi Msungichuma, Namwera:

Achimwene a ku Malombe, za tulo ndamva, sindinkadziwa kuti mumagona 10 koloko m'mawa. Koma ndalama ya pamwezi sifuna kuti mwezi uwale, angathe kupatsira mkazi wake. Ndipo bawo mwaitchulayo ndi imene ndikuopa. Akatekisi, za mayi wa ubatizo ndagwirizana nanu, bola asankhedwe ndi mphakati, osati ndi makolo okha.

Mlembi wa kudoko:

Zikomo nonse. Ndakhala chete masabata awiri chifukwa ndimafuna ndibwere ndi chogwirika.

Ndinawawerengera atcheya zimene munalemba, mawu a akatekisi ndinachita kubwereza kawiri. Sanayankhe msanga. Kenaka anati tiyeni tikamuone munthuyo, koma tipite nthawi yake iyeyo. Tinapita Lachisanu cha m'ma 1 koloko, tinamupeza ali pakhonde akusoka ukonde. Atationa anadzidzimuka, anayesa tabwera ndi uthenga wa maliro. Pocheza ndi pamene tinamva china chimene palibe anachiganizira: kupatula za nthawi, mkuluyu sadziwa kuwerenga, ndipo ulendo wina kalekale, ine ndisanakhale mlembi, anapita ku mphakati n'kupatsidwa Baibulo kuti awerenge pamaso pa amayi ndi ana. Anangoti maso akundiwawa, ndipo sanabwererekonso. Atcheya atamva zimenezi anayang'ana kumbali, chifukwa amene anamupatsa Baibulolo tsiku limenelo anali iwowo, ndipo anali ataiwala.

Kalata tasayina tonse awiri. Kumbuyo ndinalemba zonse monga munanenera akatekisi, ndipo atcheya anaumirira kuti ndiwonjezere mzere woti "sabwera Lachinayi", ndinawonjezera. Mayi wa ubatizo akhala amayi asungichuma athu, makolo avomera, ngakhale amayiwo anayamba ang'ung'udza kuti ana awo a ubatizo akwana kale asanu ndi awiri. Abambo sanayankhebe, kalata inapita ndi akatekisi a nthambi yathu dzana.

Za kudoko tinayesa Lachiwiri lapitali, mwezi uli mbee. Amayi ena anakana, akuti kudoko n'kwa mawu oipa ndi fungo, ndiye tinapita asanu ndi mmodzi. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mathandala. Amuna a m'kaundula wathu anabwera anayi, mkulu uja ndi anzake atatu, ndipo anyamata awiri achisilamu amene amasoka ukonde pafupi sanasunthe, anamvetsera mpaka kumapeto, wina n'kufunsa ngati Petulo ankagwira usipa kapena chambo. Nkhoswe ya mphakati wathu ndi Petulo woyera yemweyo, ndiye asodziwo akuti chaka chamawa pa 29 Juni ndiwo za chikondwerero zikhale zawo. Tiona ngati adzakumbukire.

Vuto latsopano ndi lakuti mwezi suyendera kalendala ya parishi. Ndawerengera, ulendo wamawa udzawala sabata imene tili ndi ntchito yosesa ndi kudyetsa ansembe, ndipo amayi anena kale kuti sangathe zonse ziwiri. Achimwene a ku Malombe, masiku amene maboti amakhala pamtunda amakhala angati kwenikweni, atatu kapena asanu? Ndikufuna ndione ngati tingathe kukankhira msonkhanowo Lolemba lotsatira.